Chitenje cha Amayi a ku Chinsapo pa Nkhondo ya Eni Ake

Turffontein, Joni
12 Meyi 2024

Okondedwa amake Tracy,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mwana wathu. Ine kuno ndili bwino, kupatula bondo lija limene limayamba kudandaula likangomva kuti Juni wayandikira.

Musadabwe kuti mwamuna wanu wabwerera ku cholembera ngati mwana wa sukulu. Foni ija ananditengera anyamata ena pokwerera minibasi, ndipo sindinawatsutse poti zifukwa zawo zinali zakuthwa. Makalata azikupatsani a Gilford, kondakitala wa basi ija inanditengera kuno. Muziwadikira pa depoti Lachiwiri.

Tsopano imvani nkhani yabwino. Asani, telala wa ku Kawale amene ndimagona naye chipinda chimodzi, wandipezera ntchito ku famu ina kunja kwa mzinda, kumene anthu ena akujambulako filimu ndipo iye akuwasokera zovala. Akufuna wopenta. Koma Jemima, moyo wanga wonse ndakhala ndikupenta nyumba zakale kuti zioneke zatsopano. Kuno akundilipira kuti nyumba zatsopano zioneke zakupsa. Tamanga mudzi wathunthu wa matabwa ndi dothi, ine n'kumapaka mwaye m'makoma ndi kuboola timabowo ngati ta zipolopolo. Bwana wake, a Joe, mzungu woyenda ndi kabudula ngakhale kuzizire bwanji, anayang'ana khoma langa n'kunena kuti, “Saulos, wawononga bwino kwambiri.” Chiyambireni ntchito, palibe anandiyamikirapo chonchi.

Mwini filimuyi ndi boma la dziko lina la kutsidya kwa nyanja. Dzina lake tinasaina kuti tisamatchule. Akuti anatumiza asilikali awo kukamenya nkhondo m'dziko lina la kuno ku Africa, ndiye anthu awo ayamba kung'ung'udza, makamaka azimayi amene ana awo akutengedwa. Boma likufuna kuwaonetsa pa TV kuti kumene kuli nkhondoko anthu akuvina ndi chimwemwe poona asilikaliwo. Kunkhondo kwenikweniko ojambula akuopa kupitako, ndiye nkhondo aibweretsa pa famu pomwe pali chimbudzi chogejemula ndi tiyi wa teni koloko.

Ndaika kangachepe mu envulopu. Mulipire landilodi, zotsalazo muonjezere pa benchi ya tomato. Tracy asamagone ndi foni, mayeso a Fomu 4 ali pakhomo.

Ndine wanu,
Saulos

Ku famu
9 Juni 2024

Amake Tracy,

Moni wa m'mawa wozizira. Kalata yanu ndinalandira, ndipo ndakondwa kuti chifuwa cha Tracy chinatha. Ine ndili bwino mopitirira muyeso, ndipo vuto lake ndi lomwelo, mumva.

Mwamuna wanu wakwezedwa. Tsiku lina ndikutsika pa makwerero, bwana Joe anandigwira chibwano n'kunditembenuzira uku ndi uku ngati mbuzi ya pamsika. Akuti nkhope yanga ndi yozunzika bwino. Mukukumbukira mmene alongo anu ankandinenera masaya olowa aja? Lero masaya omwewo akulipidwa kuposa burashi. Ndine bambo wa m'mudzi wopsereza uja, amene asilikali abwera kudzamupulumutsa. Andipatsanso anthu ena oti ndiziima nawo pakhomo kuti chithunzi chidzaze, koma zimenezo ndi zantchito chabe.

Asilikali akewo mukanawaona mukanagwa nako kuseka. Ndi anyamata onyamula zitsulo m'majimu a ku Joni konkuno, mfuti zawo ndi za labala. Wina wamtali ngati mlongoti amaopa nkhuku. Tambala atangokupiza mapiko, mpulumutsi wathu anataya mfuti n'kukabisala kumbuyo kwanga. Ntchito yanga ndi yoti msilikali akandipatsa botolo la madzi, ndigwade, ndimwe, ndiyang'ane kumwamba misozi ili chuchuchu. Misozi amatithira ndi kabotolo. Akangoti “cut”, mtsikana wina amadutsa ndi kireti kutolera mabotolo onse ndi maswiti amene anapatsa ana, kuti tiyambirenso. Madzi omwewo ndapulumutsidwa nawo mpaka dzuwa kulowa.

Vuto ndi chakudya. Nyama kawiri pa tsiku, Jemima, ya nkhuku ndi ya ng'ombe mbale imodzi. Masaya ayamba kubwerera, ndipo bwana Joe wauza ophika kuti Saulos asamawonjezere, akutiwonongera nkhondo. Asani amandibisira ntchafu m'thumba la ulusi.

Tikugona konkuno m'makontena, ndipo amene ali ndi mafoni anawalanda pageti. Kuzizira kwake kolowa m'mafupa. Chikundisunga ndi chitenje chanu cha gulu la Tiyanjane chija munakulungira bulangeti langa tsiku lonyamuka. Ndimachikulunga m'khosi usana ndi usiku, ndipo anzanga amandiseka kuti ndine membala wa banki m'khonde ya amayi a ku Chinsapo. Ndimawayankha kuti ndine mwamuna wa msungichuma, andipatse ulemu.

Malata awiri a kuchipinda aja musadikire mvula. Funsani mtengo kwa Chigwirizano, kumakhala kotsikirako.

Wanu yemwe uja, wonenepa pang'ono,
Saulos

Turffontein
14 Julayi 2024

Okondedwa amake Tracy,

Ndili bwino, kaya inu kumeneko. Muuze Tracy kuti bambo ake amupempherera pepala lililonse, ngakhale la masamu limene Mulungu yekha ndiye angalithe.

Filimu inatha ndipo inaulutsidwa kwawoko. Sabata yatha kunabwera mkulu wina wa boma lawo, wa jekete lofika m'mawondo, kudzatithokoza. Anatigwira chanza mmodzimmodzi, kenako ndinamuona akupukuta dzanja ndi kansalu konunkhira. Akuti filimu yathu ikuonetsedwa madzulo alionse nkhani zisanayambe, ndiponso m'masukulu, m'masitima, ngakhale pa zikwangwani za m'misewu. Nkhope yangayi, Jemima, akuti ili pa khoma la nyumba yosanja, yaitali kuposa chipatala. Anthu akulira akaiona. Ong'ung'udza aja akhala chete, ndipo anyamata akuima pamzere kulembetsa usilikali.

Anzanga anaomba m'manja, inenso ndinaomba poti anatipatsa bonasi. Koma mawu akuti anyamata akuima pamzere anandikhala pamtima. Ndinafunsa Asani kuti kodi anthu akewo akudziwa kuti ndi sewero? Iye anati, “Achimwene, nkhondo ndi ya eni ake, ife tinabwerera marandi. Idyani.” Ndinadya, koma nkhani ija sinatsike nayo nyama.

Zosangalatsa ndi izi. A Gilford akupatsani chikwama chachikulu cha mizeremizere. Muli bulangeti la mtundu wa kambuku lija munkalisirira kwa amayi a pa nyumba yachitatu, mapoto a galasi pamwamba, nsapato za Tracy, ndi diresi yobiriwira imene ndikufuna mudzaivale pa Khirisimasi ine ndili pambali panu. Foni ndigula mwezi wamawa. Ndinaona kuti mapoto ayambe.

Chitenje chija chinagwirako kantchito kena kuno, ndidzakufotokozerani pamaso.

Akuti kukubwera filimu yachiwiri, malipiro ake owirikiza. Mukayambe kufunsa za mapuloti ku Area 25, mwina chaka chamawa tisiyana naye landilodi.

Wanu wotchuka kunja,
Saulos

Turffontein
4 Ogasiti 2024

Amake Tracy, mkazi wanga mmodzi yekha,

Za moyo ndifunse bwanji poti ndamva kale kuti simuli bwino, ndipo wakudwalitsani ndine. A Gilford abweza chikwama chonse chosatsegula, pamwamba pake pali kalata ya malume a Gwanda, ankhoswe athu. Sanandipatse ndi moni womwe. Angolemba kuti filimu yafika pa mafoni a ku Chinsapo, kuti msika wonse waona Saulos ataima pakhomo ndi mkazi wina ndi ana atatu, ndipo mkaziyo wabereka mwana ndi chitenje cha Jemima.

Ndinkaganiza kuti zoonetsedwa kutsidya kwa nyanja zimathera komweko. Ndine chitsiru, ndavomera. Koma mundimvere.

Mayi ameneyo ndi a Magret a ku Mulanje, amagulitsa zitumbuwa ku Mayfair. Ali ndi mwamuna wawo, a Bright, mlonda wa pa famu pomwepo, munthu woti akaima pakhomo m'nyumba mumada. Nthawi yonse yojambula amakhala chapafupi ndi chibonga. Mukuganiza kuti ine ndi bondo langali ndingayerekeze? Anawo ndi obwereka, aliyense ali ndi mayi ake amene amadikira kuseri kwa kamera ndi majuzi. Wamng'onoyo dzina lake sindilidziwa n'komwe, ndipo anandikodzera kawiri.

Za chitenje zinayenda chonchi. Tsiku lojambula, osoka zovala anabweretsa kansalu koterera kogula m'sitolo, koti mwana sangakhazikike kumsana. Mwana akulira, dzuwa likupita, bwana Joe akukalipa. A Magret anati, “Achimwene, tabwerekeniko chitenje chili m'khosicho, nsalu iyi igwetsa mwana wa eni.” Ine ndinaganiza za mwana, sindinaganize za Chinsapo. Ndinavula n'kupereka.

Ndikudziwa chimene chakupwetekani. Akanakhala mkazi chabe pafilimu mukanatukwana n'kuseka. Koma chitenje cha gulu, chimene munasonkherana amayi okhaokha n'kulembetsapo dzina la gululo, chimene mumavala pa maliro ndi pa zikwati za mamembala, kuchiona pamsana pa mkazi wachilendo ataima pambali pa mwamuna wanu, ndiye kuti ndakuvulani pagulu. Izi ndaziona mochedwa, ndipo mtima ukundipweteka kwambiri.

Malume akuti mwanena kuti chitenjecho chikapanda kubwera, inenso ndisabwere. Ndamva. Chikwamacho ndachitumizanso. Ngati simukufuna diresi, landirani nsapato za mwana, iye sanalakwe.

Ndine wanu, ngakhale mukane,
Saulos

Ku famu
25 Ogasiti 2024

Amake Tracy,

Moni. Yankho lanu sindinalandire, koma ndilembabe. A Gilford akuti nsapato munatenga, zina zonse zili kwa malume, ndipo inu mwapita kwa achemwali anu ku Nsungwi. Akutinso benchi ya tomato akukhalapo ndi Tracy. Muuzeni asamakongoze.

Chitenje ndinakachifunsa. Anachitsekera m'kontena ya zovala, chili m'pulasitiki, anachimata nambala. Akuti ndi katundu wa filimu tsopano, chifukwa mu filimu yachiwiri a Magret ayenera kuoneka ndi nsalu yomweyo kuti oonera asakayike. Ndinati ndi cha mkazi wanga. Bwana Joe anatulutsa chikwama kuti andigulire zitenje khumi. Ndinayesa kumufotokozera kuti chimenechi sichigulidwa m'sitolo, koma anangondisisita paphewa.

Filimu yachiwiriyo nkhani yake ndi yoti adani abweranso usiku, apha mkazi wanga wa bodzayo, ndiye ine ndikulira pamanda atamukulunga m'chitenje chomwecho, n'kumapempha kuti atumize asilikali ambiri. Akuti kwawoko akufuna kukweza msonkho wa nkhondo, ndiye pakufunika maliro.

Jemima, ndakana. Chitenje cha mkazi wanga wamoyo sichikulunga mtembo, ngakhale wa masewera. Ndinawauza kuti apeze wamasiye wina. A Magret nawonso akana, akuti amayi awo ku Mulanje ali ndi BP, akangoona pa foni mwana wawo ali m'manda ndiye kuti maliro akhala enieni. Asani akuti tapenga tonse awiri, puloti ya ku Area 25 yapita. Mwina akunena zoona. Andibwezera ku burashi, ndikupaka mwaye pamanda amene ndakana kulirapo.

Usiku m'khosi mukuzizira. Sindikudandaula, ndikungokuuzani.

Saulos

Turffontein
15 Seputembala 2024

Mkazi wanga wokondedwa, msungichuma woopsa,

Kalata yanu yafika, ndipo ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika m'mopinda. Ndili bwino, bondo lili bwino, chilichonse chili bwino. Ntchito yatha, tonse atithamangitsa, ndipo sindinasekepo chonchi chibwerereni kuno.

Inu mwandiuza mbali yanu, kuti amayi a Tiyanjane atakwiya anavala zitenje zawo za gulu onse, n'kukaima pa msika wa Chinsapo kujambulitsa, ndipo Tracy anaika chithunzicho pa intaneti pansi pa filimu ija ndi mawu a Chingerezi akuti, “Bambo uyu si wa kunkhondo, ndi mwamuna wa msungichuma wathu, ndi wopenta, abweze chitenje.” Mukuti munkangofuna kundichititsa manyazi. Tsopano imvani zimene munachita kuno.

Anthu a dziko lija anachiona chithunzicho. Anaimitsa filimu, n'kukuza pamsana pa a Magret, ndipo mawu anaoneka poyera: Tiyanjane Women Group, Chinsapo, Lilongwe. Anafufuza pa mapu n'kupeza kuti Chinsapo ili kutali ndi nkhondo yawo kuposa mmene Joni alili kutali ndi kwathu ku Ntcheu. Akuti nyuzipepala zawo zonse zinatulutsa amayi a Tiyanjane patsamba loyamba, inu muli pakati, manja m'chiuno, nkhope ngati mukudikira wangongole. Azimayi a kumeneko anayenda m'misewu atanyamula chithunzi chanu. Filimu aichotsa pa TV, nkhope yanga aimatula pakhoma paja, ndipo za msonkho zija akuti zayamba zaima.

Lachitatu kunabwera mkulu wa jekete uja, ulendo uno sanagwire munthu chanza. Anakalipira bwana Joe tonse tikumva. Anafunsa kuti, “Palibe amene anawerenga nsaluyo?” Anthu onse aja, makamera a mamiliyoni, ankaona ngati ndi maluwa a chiAfrica basi. Madzulo ake thirakitala inagumula mudzi wanga wonse. Makoma aja ndinawamvera chisoni pang'ono, inali ntchito yabwino.

Analamula kuti zovala zonse zitenthedwe. Apa ndiye muwathokoze a Magret. Analowa m'kontena ngati akukatenga jekete lawo, n'kuvala chitenje chanu mkati mwa siketi. Pageti amasecha aliyense, koma wosecha anali a Bright. Anayang'ana mkazi wawo amene ananenepa mwadzidzidzi, n'kunena kuti, “Dutsani mayi, mwadya bwino pa famu pano.” Chitenjecho chili pano pa bedi langa pamene ndikulemba.

A Magret akuti ndikuuzeni kuti mwamuna wanu ndi waulemu koma amalankhula za inu mpaka kutopetsa, ndipo sangamutenge ngakhale ndi bonasi. Asani akuti mumulipire ntchito imene mwamuthera, kapena mumulembe m'gulu.

Mwalemba kuti mwabwerera kunyumba ndipo mapoto ndi abwino. Za diresi simunatchule, koma a Gilford akuti anakuonani nayo pa depoti. Sindinena zambiri.

Wanu wosagwira ntchito koma wokondwa,
Saulos

Turffontein
6 Okutobala 2024

Okondedwa amake Tracy,

Ndili bwino, ndipo ndasangalala kumva kuti nonse muli bwino, kuti malume a Gwanda ayambanso kunditchula dzina, ndiponso kuti tomato akutha msanga poti anthu akubwera kudzaona mayi wa m'nyuzipepala. Kwezani mtengo pang'ono, kutchuka sikukhalitsa, ine ndikudziwa.

Ndapeza kaganyu kopenta sitolo ya mmwenye wina ku Mayfair. Penti yoyera, khoma losalala, popanda bowo lililonse. Dzanja linayamba laiwala.

Tsopano za funso lanu. Mwati pa mauthenga onse amene akufika pa foni ya Tracy, pali umodzi umene wakusowetsani tulo, wa mayi wa dziko lija. Mwana wake wamwamuna, msinkhu wa Tracy wathu kuposako pang'ono, anaonera filimu ija kusukulu n'kukalembetsa usilikali, akuti akufuna akapatse madzi bambo wa masaya olowa uja. Ananyamuka mu Ogasiti ndipo sanamvekenso. Mayiyo akufunsa ngati bamboyo alipodi, ndiponso ngati pali chilichonse m'filimumo chimene chinali choona. Inu mukuti mumuyankhe chiyani.

Ndakhala nalo funsoli masiku angapo. Muuzeni zoona, Jemima. Muuzeni kuti bamboyo alipo, dzina lake ndi Saulos, kwawo ndi ku Ntcheu, nkhondo sanaionepo, ndipo ludzu analibe. Muuzeni kuti madzi aja ankatilanda akangotha kujambula. Choona m'filimu monse muja chinali chitenje chanu chokha. Muuzenso kuti ndikupepesa. Ndinkaona ngati ndikugulitsa nkhope yanga, sindinadziwe kuti pali mwana wa munthu amene adzailipire.

Mumufunse dzina la mnyamatayo. Lachinayi amayi a Tiyanjane akakumana, musanatsegule bokosi la ndalama, mulitchule m'pemphero monga mumachitira ndi ana a mamembala amene ali kutali. Ngati gulu livomera, mayiyo mumulembe ngati membala. Chitenje ndimugulira ine mukadzadinditsa china.

Ine ndikubwera. Sindidikira Khirisimasi. Ganyuyu akatha ndikwera basi ya a Gilford, tifika Lachiwiri pa 22. Puloti palibe, foni ndagula yotchipa, masaya alowanso. Chitenje ndachapa ndekha kawiri, ndachisita, ndipo sindichiika m'chikwama poopa za pa boda. Chidzakhala m'khosi mpaka ku Lilongwe, kutenthe bwanji.

Mudzabwere pa depoti ndi diresi yobiriwira ija, koma m'chiuno musadzamange kanthu. Ndinakuvulani pagulu, ndikufuna ndidzakuvekeni pagulu, a Gilford ndi onyamula katundu onse akuona.

Ndine mwamuna wa msungichuma,
Saulos